Sitifuna Phungu Wotilowa Chokolo

Ife a ku Nabvutika, kuno ku Chipata, nkhani za malamulo aakulu a dziko sitizithamangira. Zotidya mutu tili nazo kale: thumba la unga limene ambiri tinaleka kugula lathunthu n'kuyamba kudalira pamela, malaiti ongobwera usiku anthu tili m'tulo, madzi a mvula otsika m'mapiri n'kukumba zigwembe m'njira zathu, lendi ya nyumba, ndi ana omaliza giredi 12 amene akungokhala pakhomo. Pa wailesi akayamba za Constitution, kawirikawiri timati zimenezo n'za maloya a ku Lusaka. Koma mu 2025 kunabwera mawu ena amene anatilowa m'khutu n'kukana kutuluka. Ankakambidwa pa pompi, pa maliro, pa kantemba, ngakhale pakati pa anyamata onyamula anthu pa njinga akamadikira makasitomala ku Kapata.

Mawuwo ndi akuti mpando wa phungu ukatsala wopanda munthu, kaya mwini wake wamwalira, watula pansi udindo kapena wachotsedwa, ife tisamavutikenso kukaima pamzere. Chipani chake chizingosankha wina n'kutitumizira. Ganizoli linalowa mu Bill 7, imene nduna ya zamalamulo ya nthawiyo, mayi Princess Kasune, anaibweretsa mu 2025. M'bilu yomweyo munalinso zowonjezera madera a aphungu kuchoka pa 156 kufika pa 211, zopatula mipando ya amayi, achinyamata ndi anthu olumala, komanso zokweza chiwerengero cha aphungu oikidwa ndi Pulezidenti kuchoka pa 8 kufika pa 10. Zina mwa izi tikhoza kukhala pansi n'kumvana. Dera likakula kwambiri, kuligawa pawiri si kulakwa, ndipo amayi athu, amene ndiwo amadzaza mizere tsiku lovota, ayeneradi kuchuluka m'Nyumba ya Malamulo. Koma iyi yotisankhira phungu ndiyo yatikhala pakhosi.

Lamulo limene tili nalo n'losavuta kumva. Mpando ukatsala wopanda munthu, bungwe loyendetsa masankho la ECZ liyenera kuchititsa masankho apadera, aja timangoti by-election, pasanathe masiku 90. Ngati kwatsala masiku osapitirira 180 kuti dziko lonse livote, mpandowo umadikira masankho aakulu. Tsiku likafika, mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi bambo wa sitolo yaikulu ku Down Shops onse amanyamula NRC ndi khadi lovotera, aliyense n'kuponya voti imodzi. Kuchipatala sitiwerengedwa chimodzimodzi ndi anthu andalama, ku banki ayi, pofuna malo omangapo nyumba ayi. Ndi m'kachipinda kovotera mokha.

Akuluakulu ati masankho apaderawa akudya ndalama zambiri zimene zikanagula mankhwala ndi madesiki. Sitikutsutsa. By-election timaidziwa kuposa iwo, poti ndife timaionera pafupi. Magalimoto akuluakulu amene sitinawaonepo amadzaza tauni, malo ogona alendo amatha, zitenje ndi masikipa zimagawidwa usiku, anyamata athu amamwetsedwa mowa n'kuwatuma kukasokoneza misonkhano ya anzawo. Msewu umene unaiwalika zaka zambiri umaona girediya sabata imodzi, voti ikatha girediyayo n'kusowa. Tikudziwanso kuti pa by-election ambiri a ife sitipita kukavota. Wina ali ku dimba, wina wapita ku Mwami kukaoda katundu, wina wangotopa nazo. Zonsezi n'zoona ndipo zimatiwawa. Koma taonani bwino mndandanda wa zoipazi. Wogawa zitenje ndani? Wogula mowa ndani? Wobweretsa nduna khumi m'dera limodzi, aliyense ndi galimoto zake ndi mafuta ake, ndani? Olakwa ndi a ndale, koma chilango akufuna kuchipereka kwa ife, potilanda voti.

Makolo athu anali ndi mwambo wa chokolo. Mwamuna akamwalira, abale ake ankakhala paokha n'kusankha mmodzi mwa iwo woti alowe m'nyumba ya wamasiye, ati kuti ana asavutike ndiponso katundu asatuluke m'banja. Zifukwa zake zinkamveka zachifundo. Koma mayi uja nthawi zambiri sankafunsidwa ndi mtima wonse. Iye anavomera mwamuna mmodzi, abale n'kumuuza kuti povomera uja anavomera mtundu wonse. Mafumu, mipingo ndi amayi eni ake analimbana nawo mwambowu kufikira lero ambiri tinausiya. Ndiye tsopano tiuzidwe kuti poti mu 2021 tinachonga pa nkhope ya munthu mmodzi, ndiye kuti tinavomera aliyense amene chipani chake chidzatibweretsere? Ayi. Tinavomera amene tinamuona, amene anabwera kudzatipempha, amene tikudziwa kwawo ndi khalidwe lake.

Kuno kum'mawa by-election si nkhani yongomva. Mu 2013 ife eni ake a Chipata Central tinavota kachiwiri, khoti la Supreme Court litafafaniza kupambana kwa a Reuben Mtolo Phiri a MMD potsatira dandaulo la a Lameck Mangani a PF. Nthawi imeneyo PF ndiyo inali m'boma, ndipo mphamvu zake zonse zinatsikira kuno. Mu Julayi chaka chomwecho anthu anabwezera a Mtolo Phiri pampando. Ena mwa ife tinakondwa, ena tinadandaula, koma palibe anganene kuti phunguyo anachita kutigwera. Ku Mkaika, kwa anansi athu a ku Katete, phungu atachoka mu MMD kupita ku PF chaka chomwecho, anthu anasankha a Peter Phiri a MMD. Ku Kasenengwa, mayi Victoria Kalima atamwalira mu Juni 2018, anthu analira maliro, kenaka mu Seputembala anakasankha a Sensio Banda.

Wina anena kuti: onani, m'malo onsewa chipani chomwe chija n'chimene chinapambananso, nanga ndalama zinapitiranji? Funso limeneli lili ndi yankho kufupi konkuno. Petauke Central ndi Malambo inali mipando ya MMD mu 2011. Makhoti ataifafaniza mu 2013, milandu inakokana mpaka anthu a kumeneko anakhala pafupifupi zaka ziwiri opanda owayankhulira. Pamene anavota mu Juni 2015, mipando yonse iwiri inapita ku PF. Mitima ya anthu inali itasintha. Mu Febuluwale 2025, anthu a Petauke Central anasankha a Simon Banda a chipani chaching'ono cha New Congress Party, kusiya wa chipani cholamula. Mu Juni anthu a ku Lumezi anasankha a Lufeyo Ngoma a UPND. Chigawo chimodzi, chaka chimodzi, mayankho awiri osiyana. Amene ali ku State House ndi amene ali ku mbali yotsutsa onse anaphunzirapo kanthu pa masankho awiriwa, ndipo sakanaphunzira mwa njira ina. Pakati pa masankho aakulu pali zaka zisanu zathunthu. By-election ndi kampata kokhako kamene anthu wamba amauzira boma mmene zinthu zikuwawira zaka zisanuzo zisanathe, mwa njira imene boma silingaitsutse.

Ndipo taganizirani izi. Khoti likapeza kuti masankho sanayende bwino, kuti panali kugula mavoti kapena kuopseza anthu, n'kufafaniza zotsatira, ndiye chipani chomwe chija chimene chinapindula ndi zolakwazo chipatsidwenso ufulu woika munthu wina popanda mpikisano? Amene anakadandaula ku khoti, n'kuwononga ndalama zake kwa maloya, wapindulanji? Pamenepo ndiye kuti kuba masankho kwasanduka kopanda chilango, chifukwa mpando sudzatulukanso m'chipanimo.

Amene akuti timavotera chipani sakutidziwa bwino anthu a kuno. Mu 2021 chigawo chathu chinatumiza ku Lusaka aphungu angapo oima paokha: a Moses Moyo ku Luangeni, pafupi pompa, a Menyani Zulu ku Nyimba, a Munir Zulu ku Lumezi, a Emmanuel Jay Banda ku Petauke Central. Zipani zikuluzikulu zinali ndi anthu awo m'madera onsewa, zinali ndi ndalama ndi nyimbo, koma anthu anayang'ana munthu. Tonse timadziwa mmene adoption imayendera. Makomiti a m'mawodi amakhala pansi n'kutchula dzina, a dera n'kuvomereza, dzinalo n'kupita ku Lusaka, pobwerako n'kukhala lina. Zikatero timakhala ndi pothawira: munthu wathu amaima payekha, kapena timavotera wa chipani china, kapena timangokhala kunyumba kuti amve kuwawa. Akulu a zipani amaopa zimenezi, n'chifukwa chake nthawi zina amamvera. Mukachotsa by-election mwachotsa mantha amenewo. Dzina lochokera ku Lusaka lidzangolowa m'Nyumba ya Malamulo osadutsa pa Nabvutika, pa Mchini kapena pa Magazine.

Komanso mukati chipani chisankhe, mukunena yani? Chipani si munthu woti n'kumuloza. Ndi kagulu ka anthu ochepa okhala ndi chidindo ndi pepala la kalata. Taona ndi maso athu MMD ikugawika pakati pa a Nevers Mumba ndi a Felix Mutati kuyambira 2016, mpaka khoti kudzagamula mu 2019. Taona PF kuyambira Okutobala 2023, a Miles Sampa atachititsa msonkhano wawo, ikukhala ndi atsogoleri angapo, aliyense akuti chipani n'changa. M'nyengo yotere phungu atamwalira, kalata yopita kwa Sipikala alembe ndani? Ndipo Sipikala akalandira makalata awiri, adzasankha iti? Mapeto ake mpando wa dera lathu udzagamulidwa ndi amene ali ndi mphamvu pa kaundula wa zipani, ife tili phee kuno.

Abale athu okhala ku Zimbabwe, ana a anthu aja anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, akhoza kutiuza zambiri. Kumeneko chipani chili ndi mphamvu yochotsa phungu polemba kalata. Mu Okutobala 2023, pasanathe miyezi iwiri anthu atavota, a Sengezo Tshabangu anadzitcha mlembi wamkulu wogwirizira wa chipani chotsutsa cha CCC n'kuyamba kulembera Nyumba ya Malamulo kuti aphungu akutiakuti salinso a chipanicho. Mtsogoleri wa chipanicho pa nthawiyo, a Nelson Chamisa, anawakana, koma makalatawo anagwira ntchito ndipo aphungu ndi maseneta anatulutsidwa. Mipando ya Senate ya kumeneko ikatsala yopanda anthu, chipani ndicho chimapereka mayina. Mu Malichi 2024 a Tshabangu eni ake analumbira kukhala seneta. Wolemba kalata yochotsa anzake ndiye anakakhala pampando. Kuno kwathu lamulo limanenanso kuti phungu akachotsedwa m'chipani akhoza kutaya mpando. Lero chipani chimaganiza kawiri chisanachotse phungu wake, poopa kukagonja pa by-election. Mawa, chikadziwa kuti mpando ubwerera m'manja mwake popanda kutuluka thukuta, phungu aliyense wolimba mutu, woyankhulira anthu ake motsutsana ndi akuluakulu, adzatha msanga. Otsalawo adzaphunzira kutseka pakamwa.

Agogo athu akamamva nkhaniyi amapukusa mutu, chifukwa anaziona. Chigawo chino chinkakonda a Kaunda. Mu 1991, dziko lonse litatembenukira ku MMD, mipando yonse 19 ya kum'mawa inatsala ndi UNIP. Komabe okalamba omwewo sabisa mmene zinalili m'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1973. Boma lililonse linali ndi gavanala woikidwa ndi Pulezidenti. Lamulo la 1980 litabwera, gavanalayo ndiye anakhalanso wapampando wa khonsolo, ndipo makansala ankasankhidwa ndi anthu a chipani okha. Munthu ankatha kupambana pa masankho a chipani m'dera lake, Central Committee ku Lusaka n'kufufuta dzina lake. Ena mwa magavanalawo anali anthu abwino ndithu. Koma maso awo ankayang'ana kumene kunachokera kalata yowaika, popeza kalata yowachotsa inkachokeranso komweko. Ukapita ndi dandaulo, ankakumvera ngati afuna. Zinatitengera nthawi yaitali kuti tichoke kumeneko. Ngakhale meya wa Chipata tinayamba kumusankha tokha mu 2016; kale makansala ankangosankhana okhaokha. Ulendo wonsewu wakhala wopita kumodzi, wopereka mphamvu m'manja mwa anthu pang'onopang'ono. Bwanji lero tibwerere m'mbuyo?

Ena ophunzira amati ngakhale ku America zimachitika. N'zoona. Kumeneko Senate ili ndi mipando 100, iwiri pa chigawo chilichonse, ndipo kuyambira 1913 maseneta amasankhidwa ndi anthu. Koma mpando ukatsala wopanda munthu pakati pa nyengo, m'zigawo zambiri gavanala ndiye amaika wogwirizira kufikira masankho. Tsono ophunzirawo atiuzenso zimene mphamvu imeneyi yabala. Mu 2008 a Barack Obama atasankhidwa kukhala Pulezidenti, mpando wawo wa useneta ku Illinois unatsala m'manja mwa gavanala Rod Blagojevich. Apolisi a FBI anamujambula mawu pa foni akukambirana zimene angapindule nawo mpandowo. Anamangidwa mu Disembala 2008, anachotsedwa paudindo mwezi wotsatira, ndipo mu 2011 anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ngakhale pambuyo pake a Donald Trump anamutulutsa mu 2020. Ku Alaska mu 2002, a Frank Murkowski atasankhidwa kukhala gavanala anasiya mpando wawo wa useneta, n'kuikapo mwana wawo wamkazi, Lisa. Anthu a kumeneko anakwiya, ndipo mu 2004 anavota kuti gavanala alandidwe mphamvu imeneyo. Ngati m'dziko la makhoti amphamvu ndi atolankhani osagona mpando ukhoza kuikidwa pa malonda kapena kupatsidwa kwa mwana, nanga kuno, kumene adoption imanong'onedwa kale kuti ili ndi mtengo wake? Ndipo dziwani kuti ku America woikidwayo ndi wogwirizira chabe, amakakumanabe ndi anthu pa masankho otsatira, pomwe gavanala womuikayo anachita kusankhidwa ndi anthu a chigawo chomwecho. Mlembi wamkulu wa chipani ife sitinamuvoterepo.

Amatchulanso South Africa ndi Mozambique, kumene phungu akachoka wotsatira pa mndandanda wa chipani amalowa. Kumeneko nyumba yonse inamangidwa mwa mtundu wina: anthu amavotera chipani, mndandanda umaperekedwa masankho asanachitike, ndipo phungu sakhala ndi dera lakelake monga kuno. Ife timavotera nkhope ndi dzina la munthu wa dera lathu. Simungatenge khomo la nyumba ina n'kulikhomera pa yathu. Chimodzimodzi nkhani ya wachiwiri kwa Pulezidenti. Tinavota mu Okutobala 2008 a Levy Mwanawasa atamwalira, tinavotanso mu Januwale 2015 a Michael Sata atamwalira, ndipo dziko linaona kuti n'zolemetsa. Malamulo a 2016 anakonza kuti Pulezidenti aziima pamodzi ndi womutsatira, woti adzamalize nyengo ngati tsoka litagwa. Zimenezo tinazilandira chifukwa womutsatirayo timamudziwa tisanavote. Povota timavomera onse awiri. Apa palibe chotibisira. Zimene akufuna pa aphungu n'zosiyana: dzina lidzatuluke maliro atachitika kale.

Aphungu oikidwa ndi Pulezidenti tinawazolowera, ndipo lamulo limati akhale obweretsa luso kapena oimira magulu amene atsalira. Iwo alibe dera, ndipo wowaika akhoza kuwachotsa tsiku lililonse. Sitinamvepo woikidwa akuimirira kutsutsa amene anamuika. Sitikuwanyoza, munthu aliyense amasamala dzanja limene lamupatsa. N'chifukwa chake tikufuna dzanja lopatsa phungu wa Chipata Central likhale lathu. Masiku ano nkhaniyi yakula kuposa kale chifukwa cha CDF, ndalama ya chitukuko cha m'dera la phungu. Ndalama imeneyi inali K1.6 miliyoni pa dera. Mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni. M'menemo ndimo muli mabasale a ana athu opita ku sukulu zogonera komweko ndi kukaphunzira ntchito zamanja, ngongole za magulu a amayi, zipinda zophunziriramo, milatho ing'onoing'ono. Phungu ali ndi mawu pa kayendedwe ka ndalamayi. Wodziwa kuti anakwera ndi mavoti a Nabvutika amakumbuka ngalande za Nabvutika, ngakhale pa chifukwa chongofuna kudzabwereranso. Wobwera ndi kalata adzayamba wathokoza amene anamulembera kalatayo, ndipo makontirakiti adzalowera komweko.

Tili ndi mwayi kuti malire ali pafupi, timamva za kwa abale athu a ku Malawi tsiku ndi tsiku. Malamulo awo a 1994 anali ndi zinthu ziwiri zokomera anthu wamba. China chinali Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito nyengo yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995. China chinali Senate ya mipando 80, momwe mukanakhala mafumu, oimira maboma ndi oimira magulu osiyanasiyana. Sinakhalepo n'kamodzi komwe, ndipo mu 2001 inafufutidwa m'malamulo, chifukwa chimodzi chimene chinkatchulidwa n'chomwechi cha ndalama. Kuyambira pamenepo mabungwe, mipingo ndi anthu wamba akhala akupempha kuti ziwirizi zibwerere, koma mpaka lero sizinabwerere. Ofunika kuzibwezera ndi omwewo amene zikanawapanikiza. Ifenso tikalola by-election ichoke, tisadzinamize kuti tidzaiitanitsa tikadzaona kuipa kwake. Chipani chilichonse chikadzalowa m'boma chidzaona kuti lamulolo n'lokoma.

Apa tinene poyera kuti dandaulo lathu silikuloza chipani chimodzi. M'komboni muno muli a UPND, a PF, otsalira a MMD ndi UNIP, ndi ambiri opanda khadi la chipani chilichonse. Pa zina timakangana mpaka kusiya kupatsana moto. Pa iyi yokha tapezeka tikuyankhula chimodzi, chifukwa aliyense waona kuti amene ali pamwamba lero mawa amakhala pansi. UNIP inagwa mu 1991, MMD mu 2011, PF mu 2021. Lamulo limene mukulemba lero muli ndi mphamvu lidzagwiritsidwa ntchito ndi adani anu inu mulibe mphamvu.

Ngati vuto ndi ndalama, njira zozipulumutsira zilipo, ndipo sizifuna kutilanda kanthu. By-election zambiri sizibwera ndi imfa. Zimabwera ndi makansala otula pansi udindo mwadzidzidzi kuti akalowe chipani cholamula, zimene taziona pa maboma onse. Malamulo a 2016 anayesako kutseka khomo limeneli ponena kuti phungu wotula pansi udindo yekha asaimenso mpaka nyengoyo itatha. Limbitsani pamenepo, ndipo wonyengerera mnzake kuti atule udindo alangidwenso. Makhoti azimaliza milandu ya masankho msanga kuti zija za ku Petauke ndi ku Malambo zisadzachitikenso. Mipando ingapo ikatsala yopanda anthu, masankho ake azichitika tsiku limodzi. Nduna zizikhala m'maofesi mwawo m'malo mosamukira m'dera limodzi sabata zitatu ndi magalimoto a boma. Ogawa ndalama ndi oyambitsa ndewu azimangidwa, kaya avala mtundu wanji. Mukachita zimenezi mudzaona kuti zotsala ndi mapepala ovotera, mabokosi ndi malipiro a aphunzitsi oyang'anira malo ovotera. Zimenezo dziko likhoza kulipira. Msonkho umene timadula pa thumba lililonse la shuga, pa talk time, pa malo ogulitsira mumsika, ukulipira zinthu zambiri zimene sitinafunsidwepo. Bilu yomweyo imene inkati by-election n'njodula inkafuna kuwonjezera aphungu ambirimbiri, aliyense ndi malipiro ake, galimoto yake ndi ndalama yake yopumira. Ndalama zimasowa pokhapokha ikafika nthawi yoti ife tiyankhule?

Kumapeto kwa Juni 2025, khoti la Constitutional Court linagamula, pa mlandu umene anakasuma a Munir Zulu ndi a Celestine Mukandila, kuti kusintha malamulo aakulu kuyenera kuyamba ndi kufunsa anthu mokwanira. Biluyo inaimitsidwa, ndipo mu Okutobala a Pulezidenti Hakainde Hichilema anakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi woweruza wopuma, a Christopher Mushabati, kuti imve maganizo a anthu. Tikuyamikira kuti mpata unaperekedwa. Nkhawa yathu ndi yakuti mipata yotere imadzaza ndi anthu a mataye, odziwa Chingerezi ndi manambala a ndime, pamene mayi amene akasiya tebulo lake la ndiwo tsiku limodzi ana agona ndi njala sangakhale m'holo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akuluakulu a makomiti otere, musamawerenge okhawo amene afika pa maikolofoni. Lolani anthu ayankhule m'Chinyanja, m'Chinsenga, m'Chitumbuka, ndipo zimene anena zilembedwe monga anenera.

Inu anzathu a ku Mchini, Magazine, Kapata ndi midzi yozungulira Chipata, amene angapeze mpata wofika kwa akuluakuluwa kapena wolemba kalata, anene mosazungulira kuti mpando ukatsala wopanda munthu tikufuna kuvota. Abusa ndi ansembe athu, mafumu athu, mutithandize kunena zomwezi kumene mawu athu safika. Ndipo inu aphungu a chigawo cha kum'mawa, a chipani chilichonse ndi oima panokha, nkhaniyi ikadzabwereranso m'Nyumba ya Malamulo muikane ndime imeneyi. Pa masankho aakulu mudzabwera kudzatipempha voti, ndipo tidzakufunsani mmene munavotera.